Njira ya pa GPS: iduleni mutu ndi mchira musanaigawe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa owerenga amene wayamba kupalasa njinga maulendo ataliatali chaka chino. Mwachidule anafunsa motere: "Foni yanga imajambula njira iliyonse imene ndapalasa. Anzanga a pa intaneti akundipempha mafayilo ake kuti nawonso akadutse momwemo. Kodi ndizingotumiza mmene aliri? Nanga n'chifukwa chiyani mnzanga amene anatsatira fayilo yanga akunena kuti zitunda zinali zambiri kuposa zimene foni yanga inawerenga?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatumize. Gawani ndithu. Njira zambiri zimene ndimazikonda lero ndinazidziwa chifukwa wina amene sindinamuonepo n'kumaso komwe anaika fayilo yake poyera. Koma musatumize fayiloyo mmene yatulukira m'foni, ndipo ndikufuna muone ndi maso anu chifukwa chake.

Tengani fayilo imodzi ya GPX (mtundu wa fayilo wosungira njira imene foni yajambula), muitsegule pa kompyuta ndi Notepad kapena pulogalamu ina iliyonse yolembera mawu wamba. Musaope, siionongeka. Mtundu wa fayilo umenewu unakonzedwa ndi kampani ya TopoGrafix mu 2002, ndipo umene timagwiritsa ntchito kwambiri ndi GPX 1.1 wa mu 2004. Kukoma kwake n'koti ndi malemba chabe, munthu ukhoza kuwerenga. Mupeza timizere tobwerezabwereza: manambala awiri otchedwa lat ndi lon amene akunena pamene munali pa dziko, nambala ya ele yonena kutalika kwa malowo kuchokera pamwamba pa nyanja, kenako time, tsiku ndi ola mpaka sekondi. Foni kapena kachipangizo ka pa chiwongolero kakamalemba sekondi iliyonse, ola limodzi limakhala ndi timadontho 3,600. Ngati munavala lamba woyeza kugunda kwa mtima, nthawi zambiri nakonso kamalowa momwemo.

Tsopano yang'anani kadontho koyambirira. Koperani manambala awiri aja, muwaike pa mapu. Ngati mumayamba kujambula mukangotulutsa njinga, chimene chioneke pamenepo ndi geti lanu. Kadontho komaliza nakonso n'chimodzimodzi. Munthu akakhala ndi mafayilo anu asanu okha, wadziwa kumene mumagona, masiku amene mumachoka, ola limene mumanyamuka, komanso kuti pakhomo pamakhala opanda inu kwa maola angati. Mukaonjezera chithunzi cha njinga yanuyo itatsamira khoma, mwamuuzanso chimene angakapeze akafika. Ambiri amene akukupemphani ndi anthu abwino, sindikukayika. Koma fayilo ikaikidwa poyera sisankha woitenga.

Nkhaniyi si yongoopsezana. Mu November 2017 kampani ya Strava, mwini wa pulogalamu yojambulira maulendo a othamanga ndi opalasa njinga, inatulutsa mapu a dziko lonse osonyeza, ndi mizere yowala, kumene anthu ake amathamanga ndi kupalasa. Mu January 2018 wophunzira wina wa ku Australia, Nathan Ruser, anazindikira kuti m'zipululu za ku Syria ndi Afghanistan munkaoneka timizere towala tozungulira malo amodzimodzi. Anali asilikali othamanga m'mphepete mwa mipanda ya misasa yawo. Mu 2024 nyuzipepala ya Le Monde ya ku France inaonetsanso kuti kudzera pa maulendo amene alonda a atsogoleri ena a mayiko ankaika pa Strava, munthu ankatha kudziwa kumene atsogoleriwo afikira. Ngati anthu ophunzitsidwa za chitetezo anapunthwa pa mwala umenewu, ife ndani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mwina munena kuti pulogalamu yanu ili ndi pobisira poyambira ndi pothera. Zoona, Strava ndi ena ali napo, ndipo yatsani lero lomwe. Koma musagonere pamenepo. Mu 2022 ofufuza a pa yunivesite ya KU Leuven ku Belgium anaonetsa kuti malo obisidwawo amatha kupezeka, chifukwa nthawi zina mtunda wobisika uja umawerengedwabe m'chiwerengero cha ulendo wonse. Wochenjera amangoona pamene mzere waonekera, n'kuwerenga mamita osowa, n'kufufuza msewu umene ukugwirizana nawo. Chinanso, kubisako kumagwira ntchito pa tsamba la pulogalamuyo basi. Mukatulutsa nokha fayilo ya ulendo wanu n'kuitumiza kwina, kawirikawiri imatuluka yathunthu, mutu ndi mchira womwe.

Ine ndimachita chinthu chophweka. Ndimapalasa kaye kilomita imodzi kapena awiri foni isanayambe kulemba, n'kukayambira pa malo odutsa aliyense: pa mphambano yaikulu, pa mlatho, pa siteshoni. Pobwerera ndimazimitsira pomwepo. Izi zimathandizanso wolandira, chifukwa iye alibe ntchito ndi tinjira ta kwanu, akufuna poyambira posavuta kupapeza. Ndikaiwala, ndimadula pambuyo pake. Pali tsamba laulere la gpx.studio limene limatsegula fayilo pa mapu n'kukulolani kudula kumayambiriro ndi kumapeto, ndipo GPSBabel ndi pulogalamu yakalekale imene imachita zambiri zotere. Muonenso pakati pa ulendo. Munapatukira kwa m'bale wanu? Munaima pa sukulu ya mwana, kapena kuchipatala? Munakatenga mnzanu pakhomo pake? Zimenezo si zanu nokha, ziduleni. Geti la mnzanu mulibe ufulu woliika pa mapu iye asakudziwa.

Nthawi nayonso ifufuteni. Wotsatira njira safunikira kudziwa kuti munadutsa pa mlatho Lachiwiri m'mamawa. Ndipo ngati kachipangizo kanu ndi ka Garmin kapena Wahoo, fayilo yake yeniyeni imakhala ya FIT, imene imasunga zambiri zokhudza thupi lanu ndi kachipangizoko. Imeneyo isungeni nokha, anzanu apatseni GPX. Zithunzi za pa foni nazo zimatha kunyamula manambala a malo pamene zinajambulidwa, choncho chithunzi cha njinga ili pabwalo panu chikhoza kuulula zimene mwavutikira kubisa.

Apa ndafotokoza zodziteteza inuyo. Koma pali mbali ina imene imandikhudza kwambiri, yosamalira amene adzatsatire mzere wanuwo.

Zaka zingapo zapitazo ndinapatsa mnzanga wina fayilo ya ulendo umene ndinaukonda. Ndinaiwala kuti tsiku limenelo ndinasochera. Ndinakhotera kumanzere msanga, n'kutsika mtsetse wa miyala pafupifupi makilomita awiri, n'kukapeza mpanda wa waya ndi geti lokhoma. Ndinabwerera ndikukankha njinga. Pa mapu kulakwa konseko kunkaoneka ngati kamchira kakang'ono kotuluka pambali pa mzere. Mnzanga uja anali yekha, dzuwa likupendeka, madzi atatsala pang'ono m'botolo. Kachipangizo kake kanamuuza kuti akhote, iye anakhota, chifukwa ankakhulupirira ine. Anakafika pa geti lomwe lija n'kukwera chitunda chomwe chija wapansi, n'kukafika kwawo kutada. Sanandikalipire, koma zinandipweteka mumtima, ndipo chiyambire tsiku limenelo sindinatumizeponso fayilo ndisanaiyende ndi maso kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mapu nditawakulitsa.

Mukamaiyenda choncho mupezanso malo amene mzere wapiringizana ngati ulusi wosokonekera. Pamenepo m'pamene munapuma, foni ili m'thumba, ikungoganizira kuti mwasuntha pamene mwakhala phee. Fufutani timadontho timeneto, apo ayi kachipangizo ka mnzanu kadzalira kuti wasochera iye ali pa msewu woyenera. Dziwaninso kuti GPX imatha kunyamula zinthu zitatu zosiyana. Track ndi mapazi anu enieni, kadontho ndi kadontho. Route ndi malo ochepa amene pulogalamu imalumikiza yokha potengera mapu ake, ndiye mapu a mnzanu akasiyana ndi anu, ikhoza kumudutsitsa kwina. Waypoint ndi chizindikiro cha malo amodzi chokhala ndi dzina. Ine ndimagawa track yoyeretsedwa, n'kuikamo ma waypoint pamene pali madzi akumwa, pokonzera njinga, ndi pamene pali poopsa.

Tibwere ku funso lanu la zitunda. Palibe amene akunama pakati pa inu ndi mnzanuyo. Masetilaiti a GPS ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kumwamba, ndipo foni imafunika kumva anayi kapena kuposerapo kuti idziwe pamene ili. Pa malo oyera, opanda mitengo kapena nyumba zitalizitali, foni imaphonya ndi mamita pafupifupi asanu cham'mbali. Chokwera ndi chotsika imaphonya kwambiri kuposa apo, chifukwa masetilaiti onse amene ikumva ali kumtunda kwake, palibe wa pansi woti ayerekeze naye. Ndiye ngakhale muli pa msewu wosalala, nambala ya ele imangovinavina, mita imodzi m'mwamba, awiri pansi. Pulogalamu ina imaphatikiza tonse timeneto n'kukupatsani phiri limene kulibe. Ina imasalaza mopitirira mpaka kumeza tizitunda tenitenti. Zipangizo zokhala ndi choyezera mphamvu ya mpweya zimachitako bwino, koma nazo zimasokonekera nyengo ikasintha muli pa ulendo.

Palinso masamba amene amataya manambala anu n'kuwerenga okha kuchokera pa mapu a kutalika kwa nthaka. Ambiri mwa mapu otere anachokera pa kafukufuku wa SRTM, amene chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chinachita mu February 2000, ndipo amagawa dziko m'timabwalo ta mamita pafupifupi 30. Mapu otere kawirikawiri sadziwa mlatho. Inu mwadutsa pamwamba mosavuta, iwo akulemba kuti munatsikira kumtsinje n'kukweranso tsidya linalo. Choncho potchula zitunda nenani kuti nambalayo yachokera pa chipangizo chanji, ndipo muonjezere mawu a munthu: chitunda chachikulu chili pa kilomita yakuti, n'chachitali motere, ine ndinatsika n'kukankha.

Mawu a munthu amenewa ndi amene ndimawasowa kwambiri m'mafayilo a anthu ena. Mzere wofiira pa mapu umaoneka chimodzimodzi kaya pansi pali phula, kaya mchenga wozamitsa tayala, kaya matope. Sunena kuti pa msewu uwu magalimoto akuluakulu amadutsa mokukhudza chigongono. Sunena kuti mtsinje umene munawoloka madzi ali m'akakolo umadzaza mvula ikagwa. Sunenanso kuti munadutsa m'munda mwa munthu atakulolani inu nokha tsiku limenelo. Apa ndiye samalani kwambiri. Mukaika poyera njira yodutsa pa malo a mwini, mawa padutsa anthu makumi awiri, ndipo geti limene linali lotsegula lidzakhomedwa kwa onse. Chimodzimodzi m'nkhalango zotetezedwa kumene njinga siziloledwa: kudutsa kwanu sikusandutsa njirayo kukhala yololedwa. Gawo lotero lichotseni, kapena lembani momveka kuti pamafunika kupempha.

Ngati mwapeza kanjira kabwino kololedwa koma kosaoneka pa mapu, ganizirani zokaika pa OpenStreetMap. Mapu amenewa anayamba mu 2004 ndipo amakonzedwa ndi anthu wamba, komanso mapulogalamu olondolera njira ngati Komoot ndi OsmAnd amadalira iwowo. Mukakonza kumeneko mwathandiza ngakhale amene sadzaona fayilo yanu.

Pomaliza pake, ikani fayilo yoyeretsedwayo m'foni mwanu ngati kuti ndinu mlendo, muone ngati ikutseguka ndiponso ngati ikulowera mbali yoyenera. Njira imodzimodziyo ikatembenuzidwa imasanduka ulendo wina, mtsetse wokoma uja umakhala chitunda chotulutsa lilime. Ipatseni dzina lomveka, lokhala ndi poyambira, pothera, makilomita ndi chaka. Pansi pake lembani ziganizo zochepa chabe: mwezi umene munapalasa, kukula kwa matayala anu, gawo la fumbi ndi la phula, pamene madzi amapezeka komaliza, ndi pamene foni imataya netiweki.

Za mafayilo amene mwina munaika kale, lowani m'pulogalamu yanu usiku uno, musinthe maulendo akale onse kuti azioneka kwa inu nokha, kenako muzitsegula umodziumodzi mukatha kuudula. Amene anatsitsidwa kale ndi anthu simungawabweze, koma ambiri amakhala asanatengedwe ndi aliyense. Ndipo ulendo wa zitunda uja, mufunseni mnzanuyo kuti anagwiritsa ntchito chipangizo chanji, muike mafayilo onse awiri pa tsamba limodzi, kenako mundilembere manambala amene atuluke.