Nkhani ya amayi ako ogulitsa tomato nayo ingawine

Imelo iyi yandipeza Lachiwiri kuchokera kwa mtsikana wa giredi 11 wa ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka, dzina sinditchula. Akuti: "Anti, aticha akuti tilowe mpikisano wolemba nkhani koma ine ndilembe chani? Kwathu kulibe chodabwitsa, amayi amagulitsa tomato, adadi anachoka kalekale. Kodi zimenezi zingawine kapena ndingopeka za anthu olemera a ku Kabulonga?"

Mwanawe, za ku Kabulonga zisiye kaye, nyumba zimene sunalowemo zidzakugwetsa pa tsamba loyamba. Iwe uli ndi chinthu chimene majaji sangachipeze kwina, ukudziwa nthawi imene amayi amadzuka kukakwera basi ya ku Soweto Market kukadali mdima, ukudziwa mmene amaunjikira milu, yaikulu pamwamba yofewa pansi, ndi kasitomala uti amene amampatsa mbasela ndi uti amene samampatsa ngakhale apemphe bwanji, ndiye ukandiuza kuti kulibe cholemba ine mtima umandiwawa ndithu.

Ndipo zotere zimawina. Mu 2019 Mbozi Haimbe wa kuno ku Zambia anawina Commonwealth Short Story Prize ya chigawo cha Africa ndi nkhani ya pakhomo chabe, mbale wake wa madamu, bwana wamkazi wa panyumbapo, wabwera kuchokera ku London basi m'nyumba mwasokonekera. Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka momwe muno, anatenga Caine Prize, mphoto ya olemba nkhani zazifupi a mu Africa, mu 2015 ndipo ndalama zake, mapaundi 10,000, anagawana ndi anzake amene anafika nawo kumapeto. Pa msinkhu wakowo yang'ana Queen's Commonwealth Essay Competition, ndi ya ana osapitirira zaka 18, inayamba mu 1883, kulowa ndi kwaulere koma mitu amapereka okha chaka chilichonse, ndiye uwerenge bwino malamulo usanayambe. Ukadzakula pali Kalemba Short Story Prize yathu yomwe ino.

Chimene ndikuopa ndi ichi, ana ambiri akamva kuti mpikisano amathira misozi yambiri mu nkhani, munthu wamwalira, nyumba yapsa, wina wagwidwa ndi apolisi, zonse pa masamba awiri, poganiza kuti majaji amafuna chisoni. Ayi. Tenga tsiku limodzi lokha. Mwina tsiku limene mvula inawononga bokosi lonse la tomato, amayi nkufika kunyumba osalankhula kanthu, nkukoleza mbaula nkuphika nsima ngati palibe chachitika. Usalembe kuti "tinavutika kwambiri", lemba zimene manja awo ankachita.

Za adadi zija, ngati ukulemba nkhani yoona osati yopeka, uyambe wakhala pansi ndi amayi uwawerengere, chifukwa ikawina idzawerengedwa ndi aneba ndi a kutchalitchi komwe. Akakana, sintha mayina ndi komboni, uitumize ngati yopeka.

Ulembe kaye m'kope, mawu a amayi uwasiye mmene amalankhulira mu Chinyanja, Chizungu chibwere pambuyo. Ukamaliza unditumizire pa imelo yomweyi, ndidzaiwerenga Loweruka.