Basi uyu ndi wathu kapena wobwera?

Achemwali mwafunsa kuti kodi "basi" amene timanena tikakhuta kapena tikatopa ndi zokamba za munthu ndi yemweyo wa galimoto yokwera, ndipo ena apa ayankha kale kuti zonse nza chingelezi. Ayi ndithu, awa ndi mawu awiri osiyana, anangokumana mkamwa mwathu muno.

Basi wa "zakwana" uja anachokera kutali, ku chiPerisiya, chilankhulo cha ku Iran, kumene amati bas. Amwenye nawonso amati bas, ngati simukhulupirira pitani ku Kamwala, kumashopu a Amwenye muno mu Lusaka, mukaime pafupi ndi shopu mumve mwini wake akuuza mnyamata woyeza nsalu kuti bas bas, ndi mawu omwewo tanthauzo lomwelo. Aluya ambiri amanenanso choncho polankhula wamba. Aswahili akugombe ku Zanzibar ndi Kilwa anawatola pa malonda a panyanja nkuwonjezera i kumapeto poti ife a chiBantu sitikonda mawu osathera ndi a, e, i, o kapena u, ndiye amalonda a minyanga ndi akapolo, aYao ndi anthu a Jumbe, mtsogoleri wachiSwahili, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800, ndi amene anawafikitsa kunyanja ya Malawi mpaka kulowa m'midzi. Mwina nchifukwa chake agogo aku Chipata amati basi pafupipafupi pomwe ana obadwira muno mu Lusaka amakonda chabe, "nifuna imodzi chabe".

Koma chimandisangalatsa ine nchakuti tinawakulitsa ntchito. "Ndi iyeyo basi", "basi tiyeni", kapena mayi akangoti "basi!" mwana amadziwa yekha kuti nkhani yatha.

Basi wokwera uja, wa ku siteshoni ya Kulima Tower mu Lusaka, wa makondakitala okuwa, ndiye wachingelezi inde, koma naye ngobwereka. Anadula ku omnibus, chiLatini chotanthauza "ya onse", dzina la ngolo zokokedwa ndi mahatchi zimene zinayamba kunyamula anthu ku Paris mu 1828 ndi ku London mu 1829. Choseketsa nchakuti bus ameneyu ndi kamchira chabe ka mawuwo, pakokha kalibe tanthauzo lililonse.

Wina watchula basta wa Apwitikizi ndi Ataliyana, amatanthauzadi zakwana ndipo Mozambique tili nayo pafupi, koma ameneyo muzu wake ndi wa chiLatini, osafulumira kuwapanga pachibale chifukwa chongofanana kamvekedwe.