Kodi Wakabaza Angalowe Nawo Mpikisano wa Njinga wa Mtunda Wautali?

Funso: Zikomo a Mkonzi. Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala kwa Kamwendo m'boma la Mchinji, ndipo ndimapalasa kabaza. Ndamva kuti kukubwera mpikisano wa njinga wa anthu wamba, wa mtunda wopitirira makilomita 100, ndipo kwatsala miyezi itatu. Ndikufunitsitsa kulowa nawo, koma njinga yanga ndi yakuda yolemera ija, yopanda magiya, ndipo anzanga pa siteji akuti ndikangodzichititsa manyazi pamaso pa eni njinga zamakono. Kodi ndilowe? Nanga ndikonzekere bwanji?

*Wakabaza, Kamwendo*

Yankho: Achimwene, lowani. Munthu amene amanyamula mnzake wamkulu kapena thumba la chimanga tsiku ndi tsiku ali kale ndi mphamvu za m'miyendo zimene ena amazifunafuna kwa zaka. Ku Rwanda, dziko limene mu September 2025 linachititsa mpikisano wa njinga za pamsewu wa dziko lonse lapansi mumzinda wa Kigali, koyamba muno mu Africa, ena mwa akatswiri awo anayambira pa ntchito yonga yanuyi. Ndipo mpikisano wa Cape Town Cycle Tour ku South Africa, umene unayamba mu 1978 ndipo ndi wa makilomita pafupifupi 109, mtunda wofanana ndi wochokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Mchinji, amaumaliza anthu wamba zikwizikwi chaka ndi chaka, ena mwa iwo pa njinga zosadzionetsera.

Komabe ndikuuzeni mosabisa kuti njinga yopepuka ya magiya ili ndi mwayi, makamaka pa zitunda, choncho cholinga chanu choyamba chikhale kumaliza muli ndi mphamvu. Chimene ndikuopa pa inu si njingayo ayi. Ndikuopa chizolowezi cha ntchito yanu, chifukwa wakabaza amathamanga mtunda waufupi, n'kupuma pa siteji, kenako n'kunyamukanso, pamene mpikisano uwu udzafuna kuti mupalase maola anayi kapena asanu osatsika. Ambiri amene amalephera pa ulendo wotere amalephera chifukwa chonyamuka mwaliwiro ndiponso chifukwa chosadya m'njira.

Nkhani ya chakudyayi ndiifotokoze bwino. Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo munthu akamapalasa mwamphamvu nkhokwe imeneyi imatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Ikatha, miyendo imangoti zii, mutu umachita chizungulire, ndipo ngakhale mutalimba mtima bwanji njinga siyendanso. Njira yopewera zimenezi ndi kuyamba kudya njala isanabwere, ola loyamba lisanathe, n'kumapitiriza pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Akatswiri a masewero amalangiza magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse, ndipo nthochi imodzi yapakatikati imapereka magalamu pafupifupi 25. Choncho nthochi ziwiri pa ola, kapena nthochi imodzi ndi kachidutswa ka mbatata yophika, n'zokwanira, ndipo simufunika kugula zakudya zodula za m'mapaketi. Usiku woti mawa lake ndi mpikisano idyani nsima yanu mwachizolowezi ndi ndiwo zopanda mafuta ambiri, ndipo m'mawa mwake mumwe phala kutatsala maola awiri kapena atatu kuti munyamuke. Chakudya chimene simunachiyesepo pokonzekera musachiyambe pa tsiku la mpikisano, pakuti m'mimba mukasokonezeka ulendo wathera pomwepo.

Madzi nawonso muzimwa pang'onopang'ono, pafupifupi theka la lita pa ola, ndipo muwonjezere ngati kuli dzuwa loswa mtengo ngati la mu October. Thukuta limatuluka ndi mchere, n'chifukwa chake botolo limodzi liyenera kukhala la madzi osakaniza: lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Pa zokonzekera, miyezi itatu ndi yokwanira kwa munthu wozolowera njinga ngati inu. Patulani tsiku limodzi pa mlungu loti mupalase ulendo wautali wopanda katundu ndiponso wosaimaima. Yambani ndi makilomita 40 kapena 50, muziwonjezera pang'ono mlungu uliwonse, kufikira mutakwanitsa makilomita 85 kapena 90 kutatsala milungu iwiri. Msewu wa M12 wolowera ku Namitete ndi wabwino pa ntchitoyi, monganso wa M18 wolowera ku Kasungu, koma nyamukani kukangocha, yendani kumanzere kwenikweni, ndipo musaiwale kuti mu M12 mumadutsa malole opita ku chipata cha Mwami. Liwiro la maulendo amenewa likhale loti mungathe kulankhula ndi mnzanu osapuma wefuwefu. Mlungu womaliza muchepetse zonse, ngakhale kabaza amene. Ndikudziwa kuti tsiku losanyamula anthu ndi tsiku lopanda ndalama pakhomo, choncho yambani kusunga kangachepe panopa kuti mudzathe kupuma masiku awiri omaliza popanda nkhawa.

Pali luso lina limene a kabaza ambiri saliphunzira chifukwa amayenda payekhapayekha, ndilo kupalasa m'gulu. Pa msewu wosalala, mdani wamkulu wa wokwera njinga ndi mphepo imene akulimbana nayo kutsogolo, ndipo amene akuyenda pambuyo penipeni pa mnzake akhoza kupulumutsa mphamvu zofika gawo limodzi mwa magawo atatu. Ichi ndicho chifukwa chake pa mipikisano ikuluikulu monga Tour de France, umene mu 2024 Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana zigawo zake zitatu, okwera amayenda mothithikana n'kumasinthana kutsogolo. Pezani anzanu awiri kapena atatu muziyeserera, aliyense atsogole mphindi ziwiri kenako abwerere kumbuyo. Tayala lanu lakutsogolo lisapitirire m'mbali mwa tayala lakumbuyo la mnzanu, pakuti akangokhota pang'ono, amene agwe ndinu. Maso akhale pa msewu kutsogolo kwa gulu, ndipo musamange mabuleki mwadzidzidzi. Luso limeneli mudzaliyamika kwambiri ngati mpikisanowo udzakumane ndi mphepo ya mwera.

Njingayo ichotseni khushoni, kaliyala ndi zokongoletsa zonse. Kwezani chishalo kufikira bondo litatsala pang'ono kuwongoka pamene phazi lili pansi penipeni popalasa, chifukwa chishalo chotsika chimapweteketsa mawondo pa ulendo wautali. Pitani kwa wokonza njinga kutatsala milungu iwiri kuti aone masipoko, tcheni, mabuleki ndi matayala, kuti chilichonse chatsopano muyambe mwachiyendetsa. Nyamulani tchubu china, pampu ndi sipanala.

Musanalipire ndalama yolembetsera, funsani okonza mpikisano ngati pali gulu lapadera la njinga zopanda magiya, malo omwera madzi m'njira, ndi nthawi imene amatsekera mpikisano. Chipewa choteteza mutu n'chofunika ngakhale atapanda kuchitchula, ndipo ngati mulibe, bwerekani. Mukadzadwala malungo kapena kutentha thupi m'mlungu wa mpikisano, musadzakwere, popeza kukakamiza thupi lodwala kukhoza kuvulaza mtima.

Pa tsikulo, anzanu ambiri adzanyamuka ndi liwiro lalikulu. Alekeni apite. Pezani gulu loyenda liwiro limene munalizolowera, khalani m'menemo mukudya ndi kumwa pa nthawi yake, ndipo ngati pofika pa makilomita 70 mudzamve kuti miyendo ikadali ndi mphamvu, pamenepo ndiye muyambe kuwonjezera liwiro.