Tengani Sienta, koma giyabokosi ayione makaniko

Achimwene, mwafunsa za galimoto yoti mugulire banja lanu. Pa banja la anthu 6 ngati lanulo Toyota Sienta ikukwanani, ndipo ine ndingatenge yakale ija ya magetsi obulungira, yomwe Toyota idapanga kuyambira 2003 mpaka 2015. Injini yake ndi 1NZ-FE ya malita 1.5, yomweyo imene ili mu Probox ndi ma Corolla ambiri, choncho masipeya simuvutika nawo. Mtundu umene udatuluka mu 2015 ndi wokongola ndithu, ndipo ina ndi ya hybrid (yoyendera petulo ndi batire), koma batire lake likatha mumalira nalo.

Mipando ndi 7, ndipo zitseko zakumbuyo n'zokokera cham'mbali, ana sangamenyetse pa galimoto ya eni. Komatu mipando iwiri yakumapetoyo ndi ya ana basi, wamkulu mawondo amafika pachifuwa. Onse akakwera, malo a katundu amatsala a zikwama ziwiri, za thumba la chimanga iwalani. Ndi yotsikanso: yanga imakhula pansi ndikamapita kumudzi nthawi ya dzinja.

Musanalipire, pitani ndi makaniko wodziwa za CVT, mtundu wa giyabokosi wosintha wokha umene uli m'ma Sienta ambiri, akayiyendetse pachitunda. Zambiri zogulitsidwa konkuno zidagwirapo ntchito ya takisi, ndiye ikamanjenjemera ponyamuka, isiyeni.