Za cold brew ija achemwali, mashini musavutike nawo

Achemwali ndaona funso lanu, mwati ndi kutentha kwa Okutobalaku mukufuna muzipanga cold brew pakhomo koma mulibe mashini, ndipo mutayesa kuika khofi wowiritsa mu filiji anatuluka wowawa. Eya ameneyo ndi khofi wamba wongoziziritsa, cold brew sayandikira moto olo pang'ono, mumangoviika khofi m'madzi ozizira nkumusiya agone momwemo mpaka mawa. Madzi ozizira amakoka kukoma pang'onopang'ono ndipo zowawa zambiri zimatsalira m'masese, nde amatsika bwino pakhosi olo osathira shuga wambiri.

Nkhani yagona pa khofi amene mugule. Ricoffy kapena Nescafé musayese nkomwe, amenewo ndi osungunuka kale palibe choti muviike. Pezani khofi weniweni wokazinga, ndipo wakwathu konkuno ndi wabwino heve, Mzuzu Coffee amapezeka m'masupamaketi akuluakulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndi wa alimi ang'onoang'ono a kumapiri monga ku Misuku, Phoka ndi Viphya. Alipo wina wa Satemwa ku Thyolo, ambirife timangowadziwira tiyi koma khofi amalimanso. Onsewa ndi a mtundu wa khofi wotchedwa arabica. Ine ndimakonda amene papaketi alemba medium roast, kutanthauza wokazinga mwapakatikati, wakuda kwambiri uja kwa ine amamveka ngati wapsa, koma izo ndi za pakamwa pa munthu.

Kenako kaperedwe, apa mpamene anthu ambiri amaphonya. Khofi asakhale wosalala ngati ufa woyera ayi, akhale wa misere. Wosalala amadutsa pa sefa, chakumwa chimachita matope komanso chimawawa. Ngati mungapeze wa njere osapera ndi bwino kwambiri, musinje nokha mu kamtondo koma chonde kasakhale kaja mumasinjira adyo ndi tsabola, khofi amatenga fungo msanga. Blender nayo imatheka, kungodina nkusiya, kudina nkusiya, osayisiya ikuzungulira. Ngati mwagula wopera kale palibe vuto, mungochepetsa maola oviika nkusefa mosamala.

Muyezo wake, magalamu 125 a khofi ku lita imodzi ya madzi, kutanthauza kuti paketi ya 250g ikupatsani kuviika malita 2. Ngati mulibe sikelo tengani kapu imodzi yodzaza khofi ku makapu 4 a madzi, kapu yomweyo, adzatuluka wopepukirako pang'ono koma ali bho. Madzi a pampopi akamanunkha klorini awiritseni kaye azizire, chifukwa fungo lake simungalibise. Botolo likhale lagalasi lakukamwa kwakukulu, la mayonesi lalikulu lija lotsuka bwino limagwira ntchito, chigubu cha mafuta ophikira ayi. Thirani khofi, thirani madzi, takasani ndi sipuni mpaka pasapezeke wouma woyandama pamwamba, tsekani.

Maola ndi 12 mpaka 18. Mu filiji amachedwa nde pitani cha ku 18, panja 12 akwana. Kupyola maola 24 amayamba kumveka ngati mtengo. Chophweka ndi kuviika madzulo mukamatsuka mbale, mawa lake musefe. Tsono poti magetsi timawadziwa, akathima musadandaule, ikani botolo mu beseni ya madzi pamalo a mthunzi, koma ngati muli kotentha ngati ku Salima kapena Chikwawa pangani wochepa woti mumalize tsiku lomwelo, osasunga panja masiku.

Posefa yambani ndi sefa ya tiyi kuchotsa zikuluzikulu, kenako mubwereze pa kansalu koyera kopyapyala kamene mwatsukuluza bwino kuti kasanunkhe sopo. Kalekeni kadonthe kokha, ndikudziwa mtima umafuna kufinya kuti pasatayike kanthu koma mukafinya ndiye mwabweza matope onse aja.

Chimene chatuluka apo si choti mungopapira, ndi chokhathamira. Mu tambula thirani theka khofi theka madzi kapena mkaka, ayezi ngati alipo. Amanamiza chifukwa sawawa koma caffeine ali momo wambiri, mukamwa madzulo tulo mulisaka, ndipo amene ali ndi BP kapena oyembekezera asamale naye. Shuga sasungunuka msanga mu zozizira, wambiri amangokhala pansi, nde sungunulani kapu ya shuga mu kapu ya madzi otentha musunge m'kabotolo muzithira pang'onopang'ono. Mkaka wa ufa chimodzimodzi, kaye mu timadzi tofunda ndiye muphatikize, apo ayi muona zibuluma zikuyandama.

Wosathira mkaka amakhala mu filiji pafupifupi sabata ali bwinobwino botolo likakhala lotseka, wothira mkaka imwani tsiku lomwelo. Ikafika Juni kukuzizira mutha kumangothiramo madzi otentha, amakomabe. Masese aja katayeni pa kompositi ngati muli ndi kadimba. Poyamba viikani theka la paketi kaye, akakuwawirani ulendo wina muchepetse maola, akakhala wamadzimadzi muonjezere khofi osati maola.