Timahedifoni tam'khutu: musalipire katoni musanatimve

Achimwene, mwafunsa kuti geni yopikula timahedifoni tam'khutu totsika mtengo kunja imayenda bwanji, komanso tabwino mungatidziwe bwanji. Za mapasipoti ndi mayendedwe sindikamba, zimenezo aliyense akuuzani. Chimene chimatha mpamba wa anthu n'kugula ndi maso katundu amene kasitomala akamuweruze ndi khutu.

Zapabokosi musazitengere. Pafupifupi bokosi lililonse limati 20Hz mpaka 20kHz, koma amenewo ndi malire a kumva kwa munthu basi, sakunena ngati nyimbo zilire bwino. Ena amalemba kuti muli masipika anayi mbali iliyonse, pomwe kasipika kamodzi ka mamilimita 10 kokonzedwa bwino kamaposa anayi ongounjika. Manambala okuthandizani ndi awiri: impedance, kutanthauza kulimba kwa kasipika polandira magetsi, ya pakati pa 16 ndi 32 ohm, ndi sensitivity, kutanthauza kukwera kwa mawu ake, yopitirira 100 dB. Zikatero, foni wamba iwaliza popanda kukweza voliyumu mpaka kumapeto.

Anthu ambiri obweza katundu amati alibe bezi, chonsecho vuto ndi timphira takunsonga. Kamphira kakapanda kutseka bwino khutu, mpweya umathawa, bezi n'kuthawa nawo, n'kutsala kulira ngati chitini. Ndiye katundu wobwera ndi saizi imodzi musamutenge ngakhale atsitse bwanji. Pafunika zitatu, S, M ndi L. Kafinyeni kamphirako ndi zala: kabwino n'kofewa, kamabwerera msanga, kalibe msoko wokanda. Kouma kamayamba kuwawa pakangotha theka la ola. Kapaipi kolowa m'khutu kakhale ndi kamlomo kogwira mphira, apo ayi kamphira kamatsalira m'khutu mwa munthu pochotsa, ndipo ameneyo sadzagulanso kwa inu. Kapaipi kofika mamilimita 6 kamapweteka a makutu aang'ono. Kunsonga kwake kukhalenso kasefa. Mbali imodzi ikayamba kumveka pansi patatha milungu, kawirikawiri ndi phula latseka kasefako. Kuzondotsa n'kupukuta ndi mswachi wouma kumathetsa nkhani.

Koma oda yogwetsa munthu si ya timphira ayi, ndi ya pulagi. Pulagi ya 3.5mm yokhala ndi mizere itatu ili ndi magawo anayi: kumanzere, kumanja, ground (pobwerera magetsi) ndi maikolofoni. Kalumikizidwe kake kali pawiri. Ka CTIA, komwe mafoni a masiku ano amatsata, maikolofoni ili pagawo lakumunsi kwenikweni. Ka OMTP, ka mafoni akale a Nokia ndi Sony Ericsson, maikolofoni ndi ground zinasinthana malo. Ndi maso simungasiyanitse. Wogulitsa amakupatsani sampulo ya CTIA, imalira mokoma, mumalipira, iye m'katoni n'kulongedzamo zakale za OMTP zomwe zinamukanirira. Mukawoloka nazo, kasitomala woyamba abaya pafoni: mawu a woimba akumveka kutali ngati ali m'chitsime, zida zokha zikulira mopyapyala. Akadina batani la pawaya osalisiya, nyimbo n'kubwerera bwinobwino. Chizindikiro chake n'chimenecho. Pamenepo mwalipira kale thiransipoti ndi msonkho, wogulitsa sakuyankhanso foni, ndipo katundu wotere palibe angamugule ngakhale pa theka la mtengo. Anthu atseka geni chifukwa cha kachitsulo kosakwana chala.

N'chifukwa chake sampulo ya patebulo siwerengedwa. Tsegulani katoni yomwe munyamuleyo, tengani khumi, ena pamwamba, ena pakati, ena pansi. Yesani pa mafoni awiri osiyana ndi nyimbo imene mumaidziwa bwino. Woimba amveke pakati pamutu. Akapendekera mbali imodzi, masipika sakufanana mphamvu. Akamwazika, bezi n'kusowa ngakhale mphira watseka, ndiye kuti mawaya a mbali imodzi anawotcherera mozondoka. Pindani waya pafupi ndi pulagi nyimbo ikulira. Ikathetheka, waya ameneyo satha mwezi. Imbiraninso munthu kuti mumve maikolofoni. Awiri mwa khumi akalephera, isiyeni katoniyo. Wogulitsa wokana kuti mutsegule wakuuzani kale zomwe zili m'kati.

Za mahedifoni a USB-C, obaya pabowo lotchajira foni, nazo chenjerani. Chichotsereni Apple bowo la mahedifoni pa iPhone 7 mu 2016, mafoni ambiri anatsatira. Ena mwa mahedifoni a USB-C otsika mtengo alibe DAC m'pulagi, kachipangizo kosandutsa nyimbo za m'foni kukhala mawu omveka, ndipo pa Google Pixel ndi ma Samsung ambiri amangoti zii. Ine ndimakonda okhala ndi waya wochotseka, wa mapini awiri kapena wa kapulagi kozungulira kotchedwa MMCX, ngati omwe amapanga KZ ndi Moondrop a ku China, chifukwa chofa msanga ndi waya, ndipo waya womwewo ndi katundu wina wogulitsa payekha.

Paboda pokha mpamene mtima umawawa. Mwasankha katundu tsiku lonse, wamsonkho wina angobwera ndi mpeni n'kung'amba timabokosi poyang'ana, chonsecho kabokosi kong'ambika kasitomala amakatenga ngati kogwiritsidwa kale ntchito. Invoisi yoona amaikayikira, n'kuika mtengo wawo ngati kahedifoni kalikonse n'kapamwamba. Musawapatse poyambira. Chiwerengero cha pa invoisi chifanane ndi cha m'katoni, risiti ya thiransipoti ikhale pomwepo poti m'maiko ambiri msonkho amawerengera pamodzi ndi ndalama yonyamulira, ndipo ikani kabokosi kamodzi kotsegula kale pamwamba kuti mpeni usafike kwa enawo. Okhala ndi chizindikiro cha kampani yotchuka koma ali feki asiyeni konko, amalandidwa onse ndipo simudandaula kulikonse.