Mapepala a malume: kuwotcha kapena kusunga?

Mayi wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, wanditumizira imelo. Malume awo, omwe anatisiya chaka chatha, anali mlembi wa zandale wa pakamwa pakuthwa, wolankhulira anthu wamba ndi kukalipira mabwana. Ankalemba m'nyuzipepala za nthawi ya riferendamu, anasindikizanso timabuku ndi ndalama za m'thumba. Asiya makatoni ndi sutikesi yodzaza mapepala. Abale ena akuti zonse ziwotchedwe, poti muli mawu onyoza anthu amene ana awo alipo mutauni muno. Mayiwa akufunsa zoti asunge ndi kasungidwe kake.

Mayi, musawotche, ndipo musayambe kusankha zabwino zokhazokha. Mlembi wotere amalasa pena, pena n'kunamizira munthu, pena n'kutsetserekera ku zamitundu. Mukachotsa zoipazo mutsala ndi malume ena, osati amene ankawerengedwa pa depoti. Amene adzafufuze mbiri ya 1992 mpaka 1994 adzafuna kudziwa zomwe zinkatenthetsa mitima ya anthu, ndi mabodza omwe. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 ili paliponse. Koma tinyuzipepala tomwe tinangoti mbwee riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ili pafupi, tambiri tinafa msanga, ndipo mwina makope ena atsala m'katoni yanuyo basi. Ngati muli za m'Chitumbuka, gwiritsitsani: chilankhulochi chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mu 1968, n'kudzabwereranso boma litasintha mu 1994, choncho zolembedwa zandale za m'chinenerochi n'zosowa.

Nkhawa ya abale ndi yomveka, koma ili ndi mankhwala ake. Makalata okhudza anthu amoyo amaikidwa padera, n'kulemba kuti asatsegulidwe mpaka papite zaka zakuti. Nyumba zosunga mbiri zimaidziwa njira imeneyi.

Tsono mdani wanu weniweni kuno ku Mzuzu ndi chinyontho. Katoni ikakhala pasimenti, nkhungu imayambira pansi, chiswe n'kumalizitsa. Ikani pashelefu, kutali ndi khoma, osati kusiling'i komwe kuli makoswe ndi kudontha. Majumbo apulasitiki ayi, amasunga thukuta. Mapini adzimbiri chotsani mosamala. Selotepi musamate, ndipo zochititsa laminate ku ma stationery zija muzileke, chifukwa pepala likawotcheredwa m'pulasitiki silitulukanso.

Yambani ndi mapepala a fakisi ngati alimo, aja oterera opindika ngati mpukutu. Mu 1992 makalata ambiri otsutsa boma ankayenda pa fakisi, ndipo zilembo za pamapepala amenewa zimafufutika zokha mpaka kutsala poyera. Ajambuleni sabata ino. Foni ndi yokwanira: pafupi ndi zenera, tsamba lonse lioneke, ndi kuseri komwe ngati malume analembako ndi bolopeni.

Chimene anthu aukhondo amalakwitsa n'kusanja mwatsopano. Mukapeza nkhani yotayipa, pamwamba pake kalata ya mkonzi woikana, pansi pake chodula cha m'nyuzipepala ina yomwe inailandira, zitatuzo zikufotokoza nkhani imodzi. Zisiyeni momwe malume anazisiyira. Ingolembani manambala pamakatoni, ndipo m'kope mulembe zomwe zili mu iliyonse.

Kokazisiya? National Archives ku Zomba ndiko kwawo kwa zoterezi, ndipo amasunganso mapepala a anthu ndi mabungwe, osati a boma okha. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Ine mtima wanga uli pa Mzuni, yunivesite ya Mzuzu ya ku Luwinga, poti malume anali wa kuno, komabe tonse tikukumbuka moto wa pa 18 Disembala 2015 womwe unapsereza laibulale ya payunivesiteyo pamodzi ndi mabuku a za Malawi. Ndiye kulikonse mungasankhe, zithunzi zija zikhale malo awiri kapena atatu, ena kwa mbale wokhala kutali. Kunja nakonso amafuna zinthu zotere. Mapepala ambiri a Kamuzu ali ku Indiana University ku America. Amasamalidwa bwino, koma wophunzira wa ku Luwinga akafikako bwanji?

Musapereke pakamwa pokha. Mulemberane kalata yonena ngati mwapereka kotheratu kapena mwangosungitsa, mafayilo otsekedwa ndi ati, ndiponso kuti ufulu wosindikizanso zolemba za malume watsala m'manja mwa banja. Asayinire ndi amene banja linamuika kuyang'anira chuma cha masiye.